Waya wa Mfundo

Lolemba, 9 Sepitembala 2024

Chiliza cha mkazi wanga Faines chauma. Tikachionetsa pa 21. Mwana wathu Lonjezo wabwera kuchokera ku Mponela kudzakonza za alendo. Yanga ntchito ndi imodzi: mayi ake aimbe pamanda pawo. Nyimbo zitatu zimene anatsogolera kwaya asanadwale zili pa kamemore khadi kamodzi. Kwina kulibe. Pa foni amamveka ngati akuimbira m'chitini. Si Faines ameneyo.

Yunus wa golosale wandibweretsera tibolodi tiwiri ta zamagetsi kuchokera ku Dzaleka. Kena kowerenga khadi. Kena ndi kamene amati DAC. M'khadi mulibe mawu, muli manambala okhaokha, ndiye iko kamawasandutsa mawu. Kuchoka apo, ku ampulifaya yanga yakale.

Lachitatu, 11 Sepitembala

Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndikuyendetsa zokuzira mawu kutchalitchi kuno ku Kasakula. Osajomba. Akulu a mpingo anandichotsa tsiku limodzi, n'kuikapo Timothy, ati iye anapita kusukulu, ali ndi laputopu. Sitandade sikisi yanga inayamba kununkha pamenepo. Mita yanga yoyezera moto anaitsekera m'kabati, ati ndi katundu wa mpingo. Inali mphatso kwa ine. Amene anandipatsa anamwalira, mboni palibe.

Ndiye ndikugwira wopanda mita. Maso nawo nkhungu, wofiira ndi wakuda zikufanana. Chondipulumutsa ndi mfundo. Waya wa moto ndimaumanga mfundo, wa efi, uja wopanda moto, ayi. Nyumba yonseyi ili choncho. Zambiri anamanga ndi Faines, ine ndikuwotcherera. Ankati, "Inu maso mulibe, koma makani."

Loweruka, 14 Sepitembala

Batire ya sola imatulutsa mavoloti khumi ndi awiri. Tibolodi timafuna asanu, kupitirira apo tapsa. Pakati ndaika kachipangizo ka miyendo itatu kotsitsa moto, ndinakazula m'wailesi yakufa. Kakutentha msanga. Ndakamangirira pa chivundikiro cha poto wakale kuti kazizizira. Kapasita mbali iyi, kapasita mbali iyo.

Chitsulo chowotcherera pa mbaula tsiku lonse. Timawaya tisanu pakati pa tibolodi, tifupitifupi, tikatalika manambala amasokonekera m'njira. Kawiri mtovu wadontha polakwika.

Lonjezo: "Bambo, khadilo kakopetseni kaye kwa a Timothy, lilipo limodzi." Ndamuuza kuti mawu a mkazi wanga salowa m'makina a munthu ameneyo. Lonjezo anangondiyang'ana. Kuyang'ana kwake ngati mayi ake.

Moto wolusa kuphiri kuyambira dzulo. Phulusa likugwera pa tebulo.

Lachiwiri, 17 Sepitembala

Zalira. Faines weniweni, mpaka kupuma kwake asanakweze mawu. Ndinagwira tebulo. Lonjezo anasiya mbale n'kutuluka panja.

Koma kumbuyo kwake kuli kung'ung'uza, ngati njuchi m'phanga. Akatsitsa mawu, njuchi zikumumeza. Chifukwa ndikuchidziwa. Ampulifaya ili pa inveta, kabokosi kokweza moto wa batire, ndipo inveta ndi tibolodi zikumwera batire imodzi. Phokoso likudzera m'waya wa efi. Tibolodi tikufunika batire yawoyawo.

Masana Timothy pakhomo, chipewa m'manja. Wamutuma ndi Lonjezo, sindine mwana. "Madala, ndabwera ndi mita ija, mubwereke mpaka Loweruka." Ndibwereke changa chomwe? Ndamuuza aibweze kumene anaitenga. Anaima pang'ono, kenaka anapita. Ndinaiona m'thumba mwake, selotepi yanga ikadali pa chivundikiro.

Sindinadye.

Lachinayi, 19 Sepitembala

Alendo ayamba kufika. Achimwene a Faines a ku Dzoole agona kwa aneba. Aliyense wamva kuti Faines aimba Loweruka. Lonjezo ndiye wafalitsa.

Elifala wa kabaza wavomera kundibwereka batire ya njinga yake yamoto imene inafa injini. Wabwera nayo yokulunga m'chubu, mitu yake osaoneka, mawaya awiri atatuluka. Onse akuda. Umodzi uli ndi mfundo. Mtima unakhala pansi. Ndinati uyu ndi munthu wodziwa ntchito, kaya anaonera kwa ine.

Ndinaganiza zomasula chubucho ndione zizindikiro. Wamanga mwamphamvu, zala zanga sizikutha. Komanso mfundo ilipo.

Utsi wa kuphiri watseka dzuwa. Nkhuku zalowa msanga. Ndiyesa mawa m'mawa, kukawala.

Lachisanu, 20 Sepitembala

Ndinalumikiza. Khadi lili momwemo. Bwanji sindinalichotse kaye? Zaka zonsezi ndikuuza anthu, yesani chopanda kanthu.

Kuphulika kamodzi, ngati chimanga pa chiwaya. Kapasita wang'ambika pamutu. Kautsi koyera, fungo la pulasitiki. Ndinazula waya, mochedwa. Khadi polichotsa linanditentha chala.

Ndinapita pa siteji kukamufunsa Elifala. Anaseka. "Mfundo ija? Wayayo unatalika, madala, ndinangoufupikitsa." Waya wa mfundowo unali wa efi. Ndapatsa moto chammbuyo.

Tibolodi tapita, zilibe kanthu. Khadi ndaliyesa mu foni yanga katatu. Ikuti mulibe khadi. Ndalipukuta ndi malaya, ndaliuzira. Ikuti mulibe.

Yunus akuti nthawi zina laputopu imaona chimene foni yalephera. Nthawi zina. Laputopu kuno ndi imodzi.

Lonjezo sakudziwa. Ali kuseri ndi azakhali ake, ndikumumva akung'ung'udza nyimbo yachiwiri ija, akulakwitsa pokweza pomwe paja.

Khadi lili m'bokosi la machesi, m'thumba la pamtima. Ndavala jekete. Njira ya kwa Timothy imadutsa kumanda, chiliza chavundikiridwa nsalu yoyera. Sindikudziwa kuti ndikafika pakhomo pake ndikayamba ndi mawu otani.