Mathireyi Atatu a Achemwali

Lolemba, 10 Malichi

A Pulofesa akuti Lachisanu zotsatira za kafukufuku wanga zikhale patebulo pawo, apo ayi ndidikire mvula ya chaka chamawa.

Zaka zisanu za kuyunivesite, ntchito yanga ndi iyi: kutchera mvula ndi fulawa. Umasefera fulawa m'thireyi, n'kuvundukula pamvula masekondi anayi. Dontho lililonse limaumba kambulu kake. Ukaumitsa mu uvuni n'kusefa, wadziwa kukula kwa madontho.

Mathireyi ndabwereka kwa achemwali. Alamu: "Digiri ya makekeyi mumaliza liti, alamu?" Ndaseka nawo. Yankho labwino landibwerera ndili m'bafa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Yagwa! Ndatchera patatu: patsinde pa phiri, pakati, ndi pamwamba pansanja ya mafoni. Pamwambapo ndinali mumtambo mwenimweni, mvula yake ngati utsi, yosamveka koma yonyowetsa mpaka m'mafupa. Mabuku amati madontho amabadwa ang'onoang'ono, n'kumagundana ndi kuphatikizana akamatsika. Ndiye aakulu akhale apatsinde.

Miyendo si yanganso.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndine chitsiru chokhala ndi satifiketi. Timapepala tosonyeza malo ndinalemba ndi inki. Munthu wofufuza mvula, osadziwa kuti imafufuta inki! Tonse titatu tangotsala banga labuluu.

Ndaumitsabe. Thireyi ina timibulu take ngati mchenga, ina tapakatikati, ina tonenepa ngati mbewu za tsabola. Ndayang'ana kukhomo, ndalemba: tonenepa patsinde, tamchenga pamwamba. Girafu yatuluka yokongola ngati ya m'buku. Adziwa ndani?

Nkhomaliro yandikanika.

Lachinayi, 13 Malichi

M'mawa achemwali akutsuka mathireyi, ine ndikuyanika, kudzionetsa waulemu.

"Zinthu za eni mumazisamala chonchi? Iyi matope ofiira, iyi dzimbiri. Nanga iyi ya timibulu tonenepa, utomoni wa paini wachokera kuti? Sukuchoka!"

Ndayang'anitsitsa mathireyiwo, nsalu m'manja. Matope ofiira ndi apatsinde. Dzimbiri ndi la pansanja. Paini ali pakati pokha. Ndipo ndakumbuka bwino: pakatipo mvula itakula ndinathawira pansi pa mtengo, n'kuvundukula thireyi pomwepo. Madontho anga aakuluwo, umboni wanga wonse, anali odontha kunthambi. Ndinayeza mtengo.

Ndawauza zonse, ndi za girafu zomwe. Achemwali sanaseke, bola akanaseka. Angoti, "Ndiye mumati mukawapatse bodza anthu aja?" Ndati ndimaganizabe. "Mumaganiza kwambiri inu."

Girafu ndang'amba. Kumwamba kuli mbee, tsiku lonse. Ndalemba uthenga wopepesa kwa a Pulofesa kanayi, sindinatumize.

Lachisanu, 14 Malichi

Ndawaimbira a Pulofesa. Ndanena zonse, mpaka za mtengo. Iwo akuti: "Aliyense amayezapo mtengo kamodzi. Lolemba m'mawa, osapitirira." Za girafu angoti tidzakambirana. Liwu limenelo lindidwalitsa.

Loweruka, 15 Malichi

Phiri lavala mtambo wakuda kuyambira m'mawa. Achemwali alemba 1, 2, 3 kunsi kwa mathireyi ndi penti wa zikhadabo, wofiira. Fulawa asefa okha, akuti ine ndimasefa ngati ndikupepesa.

Alamu aliza galimoto, akuti andisiya patsinde. Ndimati nditenge ambulera, andilanda.

"Ayi alamu, lero munyowe."

Dontho loyamba lagwa pa tsamba lino. Lalikulu ndithu. Ndatseka.