Nambala ya Abambo Ili ndi Telala

Achemwali anga okondedwa,

Kuno kwacha ndi kamvula kowaza, kaja kosanyowetsa nthaka koma kolowa m'mafupa. Ano ndi masana a Lamulungu. Anzanga a m'chipinda apita kokagula zinthu, ndatsala ndekha pabedi langa la m'munsi, pepala ndatsamiritsa pa sutikesi. Kodi muli bwanji kumeneko? Alamu msana uja unasiya? Ana akupita kusukulu? Nanga amayi, diso lotsalalo likuonako bwanji masiku ano? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi.

Ndaona mafoni anu asanu ndi awiri amene sindinayankhe. Ndamveranso mawu munatumiza Lachinayi aja, alamu akumveka chapatali akuti mwina ndapeza mwamuna kuno wondithandiza kudya ndalama. Sindinakwiye. Mukundidziwa, pafoni lilime limandikanika, ndiye ndati ndilembe, ndijambule mapepalawa ndikutumizireni. Muyambe mwawerenga muli nokha.

Ndalama ya opaleshoni ya amayi ilipo, sindinadye. Ndikuiona ndi maso anga pafoni pangapa, yonse, koma sindingathe kuichotsa. Abambo ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo. Ndamvetsa tsopano. Achipatala akufuna ndalamayo lisanafike tsiku la 28, ndipo munanena nokha kuti dokotala wa ng'ala uja amabwera kamodzi pachaka. Diso lina linafa kale. Sindikudziwa ngati lotsalali lingadikire chaka china.

Ndiyambire poyambira. Mukukumbukira tsiku lija abambo anandiperekeza kubanki, kutatsala sabata kuti ndinyamuke, atavala jekete lawo lotuwa lija? Foni yanga ndinali nditagulitsa kuti ndionjezere ya ulendo, choncho pafomu tinalemba nambala ya abambo. Kuika ndalama m'banki sikufuna chilichonse. Koma ukafuna kuchotsa, iwo amatumiza manambala asanu ndi imodzi ku foni yolembedwa pafomuyo, ndipo manambalawo amafa pakatha mphindi zisanu. Abambo ndiwo ankandiwerengera. Ankayamba afunafuna magalasi, akawapeza n'kundifunsa ngati ndadya, pofika pa nambala yachitatu nthawi yatha. Tinkayambiranso, nthawi zina katatu. Ankati banki imeneyi ilibe mwambo, ikuthamangitsa munthu wamkulu.

Chimwalirireni abambo, chaka ndi miyezi iwiri tsopano, sindinachotsemo kanthu. Za sopo ndi za ana ndinkakutumizirani mwachindunji, zotsala ndinkaponya m'bankimo. Ndinkadziwa kuti nambala ija iyenera kusinthidwa, koma zinkandivuta kuti ndifufute abambo papepala. Ndinkangoti mawa. Kulakwa kwanga ndi kumeneko, ndipo sindinauzepo munthu.

Kuntchito kuno timachapa mashiti oyala pa mabedi a m'mahotela. Makina ositira ndi aatali ngati basi, ndipo timaima awiriawiri, aliyense atagwira nsonga ya shiti, kulowetsa tsiku lonse. Mnzanga wogwira nsonga inayo ndi mayi wa kwathu komweko, tinamutcha Wailesi chifukwa sazima. Iye amanditcha Chete. Mwezi watha, pa nthawi yopuma, ndinamuonetsa foni kuti andithandize kuwerengera ngati ya amayi yakwana. Anayang'anitsitsa, n'kundifunsa ngati ndikudziwa kuti m'banki yangayi muli chiswe.

Anandionetsa mzere ndi mzere. Amandidula mwezi uliwonse chifukwa chongondisungira. Amandidula ya khadi limene sindinaligwiritsepo ntchito, lili m'chikwama cha amayi, ndipo silinatsegulidwe n'komwe. Ndalama ikafika kuchokera kunja amatapapo, posintha kuti ikhale ya kwathu amatapaponso. Ndipo uthenga uliwonse wopita ku foni ya abambo, ngakhale wondiuza kuti andidula, amandidulanso. Achemwali, chaka chonse ndakhala ndikulipira makalata opita kwa munthu ali m'manda. Zimene adya zikanagula magalasi a amayi, n'kutsala ya basi yopita kuchipatala kawiri. Wailesi anati ndikapitiriza kugona chonchi ndidzabwerera kwathu ndi sutikesi ndi chifuwa basi.

Tinatha Malamulungu awiri tikusankha banki ina ya kwathu. M'chipinda muno tilimo anayi, ndipo aliyense ankaikira kumbuyo banki yake ngati mpingo. Ine ndinkangolemba kuseri kwa timapepala tomata pa mitolo ya mashiti. Yoyamba sidula pamwezi, koma imaluma ukamachotsa, Wailesi anati ameneyo ndi galu wosauwa. Yachiwiri imafuna usiyemo ndalama yosakhudza, yako koma si yako. Yachitatu ndi yaing'ono, ilibe nyumba zamagalasi, koma imadula pang'ono pamwezi, uthenga ndi waulere, ndipo chachikulu imalola nambala ya foni ya kuno. Ndinasankha imeneyo. Ndinatsegula ndili pabedi pomwe pano, pojambula pasipoti ndi nkhope. Foni inandiuza kuti ndiyang'ane kutsogolo, ndiphethire, nditembenuze mutu. Anzanga anaseka mpaka kugwa, ati aka n'koyamba kundiona ndikuyang'ana munthu m'maso, ndipo munthuyo ndi banki.

Tsono banki yatsopanoyo ilipo, yopanda kanthu ngati ndowa yogula kumene. Nditati ndisamutse ndalama, yakale ija inati yatumiza manambala ku foni yothera ndi 41. Ya abambo.

Ndinaimbira a banki. Anandiimbira nyimbo mphindi makumi awiri, mayunitsi akupita, kenako mtsikana waulemu anati kusintha nambala n'kosavuta, ndingobwera ndi chiphaso ku nthambi imene ndinatsegulira. Ndinati ndili kutali. Anati pepani mayi, ndiye pakufunika kalata ya loya yodindidwa kuno, itumizidwe, aiunike, masabata asanu ndi limodzi. Tikiti yobwerera kwathu ndi yodula kuposa ndalama ikufunikayo.

Pali china ndikuuzeni, musandiseke. Masiku ena ntchito ikandiwawa, ndinkapita kuseri kwa makina pa nthawi yopuma n'kuimba nambala ya abambo. Ndinkadziwa kuti foni yawo amayi anaitsekera m'thiranki. Ndinkangofuna kumva mayi uja akuti nambala mwaimbayi sikupezeka, basi n'kubwerera kuntchito. Tsiku lomwe ndinalankhula ndi a bankilo ndinaimbanso nambalayo. Inaitana. Kawiri, katatu, kenako mawu a mwamuna anati halo. Ndinakhala pa mulu wa mashiti akuda. Anati halo kanayi, kenako anadula. Wailesi ndiye anandiuza kuti nambala ikagona nthawi yaitali a kampani amaigulitsa kwa wina.

Mawa lake ndinalemba m'dzanja mawu oti ndikanene, n'kuimbanso. Bamboyo anamvetsera bwinobwino za abambo, za maliro, za maso a amayi. Nditangotchula manambala a kubanki, anaseka. Anati amatidziwa ife, mwezi watha tinamuimbira tikuti ndife aphunzitsi a mwana wake, tsopano tasintha tabwera ndi maliro. Anati kamawu kanga kofatsako ndi ka akuba enieni. Mauthenga a bankiwo akuti amawaona, amangofufuta, chifukwa ndi nyambo. Wailesi anandilanda foni n'kumuuza kuti ndi mfiti yodya za amasiye, ndipo pamenepo zinthu zinaonongekeratu.

Sindikumuda bamboyo, achemwali. Amayi akanalandira foni yotero, ine ndemwe ndikanawauza kuti adule. Ndakhala wakuba pa ndalama ya thukuta langa, ndipo pafoni palibe chimene ndinganene chimene wakuba sanganene.

Ndinaimbanso kachitatu, Lachitatu lapitali. Anati poti mayunitsi ndili nawo ambiri, ndicheze ndi makina ake mpaka andithere. Anaika foni patebulo osadula. Mwina ankaganiza kuti ndidula ndine. Koma kukhala chete ndi ntchito yokhayo imene ndimaitha. Ndinamvetsera mphindi khumi ndi imodzi.

Ndinamva makina osokera, opondaponda aja, akuima n'kuyambanso. Mayi wina anabwera kudzafunsa yunifomu ya mwana wake, akuti a telala munati Lolemba, lero ndi liti, iye n'kuyankha kuti Lolemba silinathe, likubweranso. Chapafupi chigayo chinali kulira. Chapatali anyamata a minibasi ankaitanira anthu a msewu wa kwathu, ndinamva akutchula siteji yathu yeniyeni. Kenako ndinamva gitala ya chigubu ya bambo wosaona uja amakhala pageti la depoti, nyimbo yake imodzimodzi ija. Ndinalira, koma ndinatseka pakamwa ndi shiti kuti ndisaphonye kanthu. Achemwali, munthuyu sali kutali. Ndi mmodzi wa atelala a pakhonde la masitolo, kuseri kwa depoti, moyang'anana ndi chigayo, pomwe tinkasoketsa madiresi a Khirisimasi. Atabwerera pafoni n'kupeza ndikadalipo, anatukwana n'kunditsekera nambala. Ine sindingamuimbirenso. Koma yanu saidziwa.

Pempho langa ndi limodzi. Loweruka likubwerali mupite kumeneko.

Muyambe mwawauza amayi zoona zonse, muwapemphe atsegule thiranki akupatseni foni ya abambo. Ndikudziwa salola munthu kuigwira, koma muwauze kuti ndine ndapempha, ndipo ibwerera. Kuseri kwake kuli kapepala komata ndi selotepi, pomwe ndinawalembera abambo nambala yawo chifukwa ankaiiwala. Ndi dzanja langa, lomweli mukuwerengali. Mutengenso kapepala ka mwambo wa maliro kali ndi chithunzi chawo. Ndipo ngati amayi angalole, jekete lotuwa lija. Thumba lake lamkati linang'ambika kalekale. Telala sakhulupirira mawu, koma nsalu amaimvera. Mukamupatse ntchito kaye, aligwire m'manja, aone kuti mwini wake anali munthu.

Pakhondepo atelala alipo ambiri. Musafunse aliyense. Mukaime pafupi ndi chigayo, muimbe nambala ya abambo, muone amene apise m'thumba. Ndikudziwa kuti chikakuwawani, inunso nambalayi simunaifufute. Mukapirire.

Mukamupatse moni ngati bambo, musafulumire. Foni yake musaigwire, manambalawo awerenge yekha ngati akufuna. Akati mupitire limodzi kubanki kapena kupolisi kuti akatsimikize, muvomere. Akafuna ya nthawi yake, mumupatse, dzulo ndinakutumizirani kangachepe ka basi ndi ka jekete. Mumupepesere za mawu a Wailesi aja. Alamu atsale kunyumba, chonde, ndimawalemekeza koma pakamwa pawo ndi pa Wailesi mpamodzi.

Ndikufuna manambalawo kamodzi kokha. Ndisamutsa zonse nthawi imodzi kupita ku banki yatsopano, ndipo ola lomwelo ndilipira kuchipatala. Kenako bamboyo sadzamvanso za ine, nambala ikhale yake mwamtendere.

Nthawi ndi iyi, muilembe pena pake. Loweruka ndili kuntchito, ndipo kapitawo wathu amalola mafoni pa nthawi yopuma yokha, mphindi khumi ndi zisanu. Kuno ikhala 11 koloko, kwanuko 10 koloko m'mawa. Mukhale mutafika kale, foni yanu ili ndi moto. Ndikuimbirani, n'kudina posamutsira ndalama, uthenga wa banki ufika kwa telala. Mphindi khumi ndi zisanu ndi maulendo atatu basi. Likadutsa Loweruka limeneli, lotsatiralo tsiku la achipatala likhala litapita, ndipo pa 1 chiswe chija chidzadyanso, ndalama siidzakwananso.

Akakana, sindikudziwa, achemwali. Ndayesa kuganiza kupitirira pamenepo, mutu ukungoima. Ndinabwera kuno kuti amayi asamavutike. Manja anga asupuka ndi mankhwala ochapira, zala sizimvanso kutentha, ndipo zonsezo ndinkati palibe kanthu bola tsiku lina adzandione ndikutsika basi, andizindikire ndili patali. Tsopano zonse zili m'thumba la munthu amene akundiyesa mbava.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mwamuna amene ndapeza ndi telala, ndipo wandikana. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, kwa ana anu onse, makamaka wamng'ono uja sanandionepo. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga, muwauze kuti ndapepesa chifukwa chokhala chete. Ndinkaopa kuti akamva mawu anga adziwa.

Chomaliza. Loweruka ndikaimba, musandipatse moni, musandifunse za mvula ya kuno. Mungowerenga manambalawo msanga, imodzi imodzi, momveka. Tikamaliza, ndiye mudzandifunse ngati ndadya, monga ankachitira abambo. Ndidzakuyankhani.

Ndine mng'ono wanu,
uja mumati Kachetechete.

Ndamaliza kulemba lero Lamulungu pa 20, nthawi ili 4 koloko madzulo, kamvula kaja kakadagwabe.