Njanji zinayi pa bolodi

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Tsiku lotentha, mtima suli m'malo.

Dzulo ndinaphunzitsa Sitandade 8 za mayiko okhala ndi njanji zazitali kwambiri. Ndinalemba pa bolodi Amereka, Rasha, Kanada ndi India, ana n'kukopera m'makope mwawo. Esinati, mwana wa apampando a chipani kuno ku Lirangwe, anafunsa kuti nanga Malawi ndi nambala chani. Ine kupusa, ndinaseka n'kunena kuti yathuyi ndi kamzere chabe, sitiwerengedwa n'komwe.

Lero ahedi anandiyitana, mpando osandipatsa.

"Aphunzitsi, mwakweza dziko lachikomyunizimu, lathu n'kuliseka? Apampando akufuna makope onse a ana mawa."

Ndinati zonsezo zili m'buku. Iwo anati, "Buku silikalowa m'chitokosi, mukalowa ndinu."

Mkazi wanga wandipindira kale bulangeti loti ndikafunde m'chitokosi. Sitima ya ku Salima yadutsa madzulo ano, ine n'kumangoiyang'ana. Kumayiko ndinalembawo munthu angasinthe sitima n'kusowa. Kuno njanji ndi yomweyi, ndipo kulikonse kumene ungatsike achipani akudikira kufunsa khadi.

Ndikadakana kuti sindinanene. Koma makope aja ndinawachonga ndekha ndi inki yofiira, n'kusainira pansi pake.