Maso a Mclean Akutha, Pulogalamu Sikutha

Khuyu, Likoma
Ogasiti 2006

Okondedwa alamu a Wisdom,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi a Phyllis ndi ana. Kuno ana ali bwino, koma akulu anu a Mclean ayi, ndipo sakudziwa kuti ndikulemba kalatayi.

Shuga uja wafika m'maso, alamu. Adokotala anati apite msanga ku Mzuzu maso asanatheretu, koma sitima ya Ilala ikungobwera n'kupita iwo ali pa kompyuta. Akuti sachoka pachilumba pano asanamalize pulogalamu imene analonjeza abwana awo akale a ku Harare.

Ndiye maso awo tsopano ndine. Magetsi akayaka ndimasiya chinangwa changa m'madzi, n'kumawawerengera chilembo chimodzichimodzi, zinthu zoti sindizimva n'komwe.

Anandifotokozera kuti pulogalamuyo imabwereka malo m'kompyuta, ikamaliza n'kubweza. Koma pakachitika cholakwika pakati, imalumpha mzere wobwezerawo, malo n'kumatha pang'onopang'ono mpaka kompyuta kuuma gwa. Akuti inu munawauza kale kuti aikemo mapointa anzeru, aja obweza okha ngakhale zitasokonekera, iwo n'kukusekani kuti zimenezo n'za alesi, mwamuna amamasula yekha chimene wamanga. Lero akusakasaka paliponse pamene anaiwala kubweza, m'malo mongovomera. Mukuwadziwa akulu anu, ndi nkhutukumve.

Chonde, alamu, aimbireni foni. Musawakumbutse kuti munanena zoona, angakwiye n'kukakamira. Apempheni ngati mng'ono wofuna kuphunzira, kuti akusiyireni ntchitoyo mumalize ndinu. Akakana, bwerani mudzawakweze sitima ndi manja anu. Ine ndalephera, ndipo ndikuopa kwambiri.

Lachisanu ndinaphonya kadontho kamodzi powerenga, anandikalipira mpaka ndinagwetsa misozi. Patapita kanthawi ndinamva akundiitana mofatsa. Anatembenukira kukhomo n'kuyamba kupepesa, akuti ndibwerere m'nyumba, sadzandikalipiranso. Alamu, ine sindinatuluke. Ndinali pampando womwewo pambali pawo, dzuwa likuwala m'chipindamo.

Mundiperekere moni kwa a Phyllis ndi ana onse. Amayi ku Yofu sindinawauze, mtima wawo sungapirire. Ambuye akusungeni, ndipo akufulumizitseni.

Ndine mlamu wanu,
Eliness