Pepala Losafunsa za Kugwada

Lachinayi madzulo. Tsiku londikwiyitsa.

Ndinapita ku Balaka kwa mayi amene amandichititsa mafizo chidwalire sitiroko. Anatulutsa pepala latsopano, akuti akuliyesa ngati lingaonetse mmene odwalafe tikuchirira. Pa kuyenda anandipatsa mamalikisi asanu, pa kukwera masitepe anandipatsa anayi. Kwathu ku Ulongwe masitepewo ali kuti?

"Mwachira, agogo. Musavutikenso kubwera."

"Iyayi, amayi," ndinatero. "Nanga kugwada? Kumzikiti ndimaswali nditakhala pampando, anzanga mphumi zili pansi."

Anatembenuza pepalalo kawiri. "Funso limenelo palibepo."

Analilemba m'mphepete ndi pensulo, akuti akauza anzawo. Koma tsiku loti ndibwerenso sanandipatse. Mawa ndi Lachisanu, ndipo bondoli likukanabe kupindika.