Amayi Achepa mu Televizau Yatsopano

Nampula, mwezi wa Junyo

Okondedwa achimwene a Germano,

Muli bwanji kumeneko ku Cobue? Msana uja unasiya kukuvutani, kapena mukukokabe khoka ngati mnyamata? Ife kuno tili bwino ndithu. Kalatayi ndapatsira a Dailes, anzanga akutchalitchi, amene akubwera kumeneko kudzaona makolo awo. Nkhani ndili nayoyi pafoni sindingaithe, mawu amangoduka, ndiponso ndikudzidziwa, ndingayambe kulira.

Alamu anu a Belarmino akuyendetsabe galimoto ya katundu. Mwana wathu Telma watalika kundiposa, ndipo Chinyanja chake n'chomvetsa chisoni, amachita kuchisakaniza ndi Chimakua. Madzi kubairo kwathu, kudera tikukhalali, akutuluka mwa apo ndi apo. Nsomba zakuno ndi zamchere zokhazokha, moti usipa ndimachita kuulota.

Tsono mwezi wathawu alamu anu anagula televizau yatsopano, yopyapyala, yaikulu ngati chitseko chogoneka. Iwo ankaganiza za mpira. Ine mtima unathamangira ku disiki ija ya ukwati wanu ndi a Olga, imene anajambula a Samsoni a ku Metangula. Mukudziwa kuti amayi akuyenda ndi kuyankhula alimo m'menemo mokha basi. Ndinati lero ndiwaona bwinobwino akutsogolera gule wa chioda, ndipo Telma, amene anabadwa iwo atatisiya kale, awadziwa agogo ake.

Achimwene, ndinakhumudwa. Chithunzi chinatuluka chaching'ono pakatikati, mdima pamwamba, mdima pansi, mdima uku ndi uku, ngati zithunzi zija amaika papepala la maliro. Televizau yonse ija, amayi nkhope yawo ngati chala changa chachikulu. Nyimbo ikumveka bwino, mawu ndi awo enieni, ng'oma ikulira, koma kuti uwaone mpaka ukagwade pafupi.

Alamu anu analimbana ndi komando, rimoti ija, mpaka anapeza pokulitsira. Mdima unachokadi, chithunzi n'kudzaza, koma nkhope zonse zinasungunuka ngati munthu ukumuona ali pansi pamadzi. Anayesa kwina, amayi n'kutuluka afupi, onenepa ngati mtsuko. Telma anaseka, ine ndinamukalipira, kenako ndinachita manyazi chifukwa mwana sanalakwe kanthu.

Loweruka ndinainyamula disikiyo kupita nayo kwa bambo wina wokonza mawailesi kumsika. Anandiuza kuti televizau ilibe vuto, disikinso sinawonongeke. Akuti nthawi imeneyo anthu anali ndi matelevizau akale aja amimba, ndiye wokonza disiki anachepetsa chithunzi chotambalala kuti chikwane m'menemo, n'kuika mizere yakuda pamwamba ndi pansi. Mizereyo inalowa m'chithunzi momwemo, singachotsedwe. Televizau yatsopano ikaona zimenezo imayesa ndi chithunzi chakale chopapatiza, ndiye nayonso imawonjezera mdima wake m'mbali. Ndinamufunsa ngati angawabweze amayi kuti aoneke bwino. Anati zimene sizinalowe mudisiki iye sangazitulutse, koma kaseti yaing'ono ya mukamera ikapezeka, mwina muli chithunzi chathunthu.

Pempho langa ndi limenelo. Mukapita ku Metangula, chonde kawafunefuneni a Samsoni. Ndinamva kuti zojambula anasiya, koma mwina makaseti anasunga m'katoni penapake. Mukawauze kuti ndi ya ukwati wa kutchalitchi cha Cobue, umene mvula inagwa anthu ali pakati povina. Ikapezeka musaitsegule, musaiike padzuwa, mungowapatsa a Dailes pobwerera. Ndikukudziwani inu, zinthu mumati mawa, mawa, mpaka chaka n'kutha. Ichi chokha musandichite choncho.

Mwina mukuti mlongo wanga wapenga, kuvutitsa anthu chifukwa cha kaseti. Inu muli ndi manda pafupi, muli ndi mtengo wa mango umene ankakhala pansi pake, muli ndi azakhali amene akaseka mumaona amayi. Ine kuno ndilibe chilichonse. Tsiku lija Telma anandifunsa ngati agogo ake anali ndi mpata pakati pa mano ngati iye. Ndinatseka maso kuti ndiwaone akuseka, ndinaona chitenje chawo chobiriwira, ndinaona manja awo akupala nsomba, koma pakamwa pawo ayi. Ndikuwasowa amayi, achimwene, ndipo ndikuopa kuti nkhope yawo ikundithawa.

Ngati kasetiyo inatayika musandibisire. Mungokhala pansi ndi azakhali, mundilembere mmene amayi ankaonekera, mano, mphuno, maso, zonse, osasiya kanthu poganiza kuti ndikudziwa kale.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Olga ndi ana onse, kwa azakhali a Fernanda, kwa amalume a Hosea ndi banja lawo ku Nkholongue, ndi kwa amayi onse a chioda amene akadali moyo. Alamu anu ndi Telma akupereka moni. Telmayo ndamuuza kuti adikire, inu amalume ake muyankha funso lake.

Ambuye akusungeni pamadzi ndi pamtunda.

Ndine mlongo wanu,
Arlete