Ufa Wonenepetsa Ng'ombe Wandichotsera Mkazi

Aphungu,

Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Chipata koma ndinakwatira kuno ku Chikomeni. Apongozi anga, a Manasseh, ataona kuti ndamanga khola anandisungitsa ng'ombe zawo zinayi, monga amachitira anthu kuno akamukhulupirira mkamwini. Ine za ng'ombe ndinkadziwa kudya nyama basi.

Pofuna kuonetsa kuti sukulu si masewera, ndinagula ufa wina pa msika wa Lundazi kwa munthu amene anati ndi umene alimi akuluakulu a ku Lusaka amanenepetsera ng'ombe zawo. Ndinkausakaniza m'gaga. Aphungu, miyezi itatu yokha ng'ombezo zinachita kunyezimira. Apongozi anapempha ufawo, nagawirako abale awo, mpaka theka la mudzi linayamba kuugula.

Mwezi watha wapampando wa chipani anatiitanira ku dibi kumene timasambitsira ng'ombe, kuti kwabwera wogula wa kampani ina yotumiza nyama kunja, amene mtengo wake palibe wofanana naye. Asanayeze ng'ombe ndi imodzi yomwe, anafunsa ngati alipo amene amazidyetsa mankhwala onenepetsa. Apongozi anaimirira monyadira n'kundiloza: "Tilipo ambiri! Watiphunzitsa ndi mkamwini wanga uyu, munthu wophunzira." Anthu mpaka anaomba m'manja.

Wogula uja anati maiko amene iwo amagulitsako nyama akukana ng'ombe zodya zoterozo, ndipo popeza sangasiyanitse zimene zinadya ndi zimene sizinadye, satenga ngakhale imodzi m'mudzi mwathu. Lole yake inabwerera yopanda kanthu. Mbiri yafika ku boma, ndipo abutchala akutchula mtengo wochititsa manyazi, ngati akugula mbuzi. Ngakhale amene ufawo sanaukhudze akulira nawo.

Apongozi sanandikalipire ayi. Anangotuma uthenga kuti mkazi wanga Evelina akathandize kukolola. Chimanga chinalowa kale m'nkhokwe, iye sanabwerebe, ndipo ine manyazi akundikanikitsa kuponda pakhomo pawo. Mnzanga Danwell akuti tikuse ng'ombe zinayizo tikagulitse kutali kumene sanamve, ndikawadzidzimutse apongozi ndi mtengo wabwino. Nditani kuti mkazi wanga abwerere?

C.M., Chikomeni

A C.M.,

Mphunzitsi wathunthu kugula ufa wopanda dzina pamsika n'kudyetsa ng'ombe za eni! Ana a sukulu mumawauza kuti azifunsa, nanga inu munafunsa ndani? Safunsa anadya phula, achimwene. Komabe ndikuona kuti mtima wanu unali wofuna kukondweretsa apongozi, ndipo iwonso akudziwa zimenezo.

Nzeru za Danwell zitayeni kudzala. Ng'ombe yosungitsa saigulitsa wosunga. Mukazikusa popanda chilolezo mukumana ndi apolisi panjira, ndipo apongozi amene lero akukuonani wopusa adzakuonani mbala. Wopusa amamukhululukira, koma mbala saipatsanso mwana wawo.

Lekani kudyetsa ufawo lero lomwe, ndipo muuze onse aleke. Wotsalawo musautaye kuthengo. Pitani nawo kwa alangizi a ziweto ku boma, muwauze zonse osabisa, akaone kuti ndi chiyani komanso ngati nyamayo ndi yoyenera kudya. Muwapemphe abwere adzalankhule ku dibi komweko, kuti anthu amve kwa odziwa m'malo mothamangira kugulitsa motaya. Sindikulonjezani kuti wogula uja abweranso chaka chino.

Kenako tengani thenga amene anakuyenderani pa ukwati, akutsogolereni kwa a Manasseh. Mukakhale pansi, chipewa m'manja, Chizungu muchisiye kusukulu. Akati mubweze ng'ombe zawo, zikuseni nokha mpaka kukhola kwawo. Dziwani kuti chawapweteka kwambiri si mtengo. Anakuyamikirani pagulu, ndipo chiyambire tsikulo akusenza manyazi okha inu mutabisala.

Chenjerani, musachedwe. Evelina sakukolola kanthu, akuyang'ana kunjira kuti aone ngati ali ndi mwamuna. Ndipo musayerekeze kuwalembera kalata monga mwandilembera ine. Pitani ndi miyendo yanu.

Phungu wanu